Thumba lomwe limapuma: asidi, kuzizira ndi moyo waufupi wa ma platelet

Pa zonse zomwe zimapatulidwa m'magazi a munthu wopereka magazi, palibe chovuta kusunga ngati ma platelet, tizidutswa ta m'magazi tomwe timatseka bala kuti magazi asiye kutuluka. Maselo ofiira amalowa m'firiji pa madigiri 1 mpaka 6 ndipo amakhala bwinobwino masiku 35 kapena 42, malinga ndi madzi osungira omwe athiridwamo. Plasma, madzi achikasu aja a m'magazi, amaumitsidwa gwa n'kudikira chaka chathunthu kapena kuposerapo. Ma platelet okha ndiwo safuna zonsezi. Amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, pa makina owagwedeza usana ndi usiku, ndipo pakangotha masiku 5, kapena 7 kumalo komwe amayeza mabakiteriya, otsalawo amatayidwa ngakhale kuti mawa lake wodwala angawafune.

Chimene chimachititsa zimenezi n'chakuti thumba la ma platelet lili ndi zinthu zamoyo zomwe zikudya, zikupuma ndiponso zikutaya zonyansa m'madzi omwewo momwe zikukhala. Zonyansazo ndi asidi. Nkhani yonse ya kasungidwe ka ma platelet, kuyambira pa mtundu wa pulasitiki mpaka pa kugwedeza kosalekeza kuja, ndi nkhondo yolimbana ndi asidi ameneyu.

Tiyambe ndi eni akewo. Ma platelet ndi tizidutswa tomwe timabenthuka ku maselo akuluakulu a m'mafuta a m'mafupa otchedwa megakaryocyte. Alibe nucleus, kutanthauza kuti sangagawikane n'kuberekana ndipo sangadzikonze kwambiri akawonongeka. Ndi ang'ono zedi, magawo 2 kapena 3 mwa magawo miliyoni a mita imodzi, koma ndi ambiri: munthu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho ka microlitre imodzi. Amayenda m'mitsempha masiku 7 mpaka 10 kenako thupi limawachotsa. Amene anafotokoza ntchito yawo momveka bwino koyamba anali Giulio Bizzozero wa ku Italy, mu 1882.

Akakhala pa mtendere amaoneka ngati timbale tating'ono tophwatalala. Mtsempha ukang'ambika, amamatira pa collagen, puloteni wa m'khoma la mtsempha yemwe waonekera pachilondapo, mothandizidwa ndi puloteni wotchedwa von Willebrand factor yemwe amagwira kachogwirira ka pakhungu pawo kotchedwa GPIb. Akangomatira amasintha: amatupa, amatulutsa timinyanga, amakhuthula timatumba tawo ta mankhwala monga ADP ndi serotonin, amapanga thromboxane, ndipo zonsezi zimaitana anzawo. Anzawo akafika amalumikizana kudzera mu fibrinogen, puloteni wina wa mu plasma, n'kupanga chotsekera choyamba pabowolo. Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: platelet amachita zimenezi kamodzi kokha. Yemwe wadzidzimutsidwa ali m'thumba n'kukhuthula timatumba take sadzakhalanso ndi zambiri zopereka akafika m'thupi la wodwala. Wosunga ntchito yake ndi kuwagoneka osawapha, komanso osawadzutsa.

Asidi amachokera kuti?

Platelet amapeza mphamvu m'njira ziwiri. Njira yaikulu imafuna okosijeni: mu mitochondria mwake, tizigawo ta m'kati topangira mphamvu, amawotcha makamaka mafuta omwe amapezeka mu plasma, ndipo chotsalira chake ndi mpweya wa carbon dioxide. Kafukufuku wa ma platelet osungidwa anaonetsa kuti pafupifupi 85 pa 100 ya mphamvu zawo imachokera kumeneku. Njira inayo sifuna okosijeni: amaswa shuga wa glucose, ndipo pa glucose mmodzi aliyense pamatuluka ma lactic acid awiri ndi kamphamvu kochepa chabe. Ndi asidi yemweyu amene amasasitsa mkaka, ndipo thumba losasamalidwa limasasadi monga mkaka umachitira.

Ma platelet amaswa glucose nthawi zonse, ngakhale okosijeni alipo wokwanira, choncho asidi amawonjezeka pang'onopang'ono tsiku lililonse. Koma okosijeni akachepa zinthu zimathamanga. Njira yaikulu ija ikatsekeka, amayesa kubweza mphamvu yotayikayo poswa glucose mowirikiza kangapo, ndipo popeza njira imeneyi imapereka zochepa, amayenera kuswa wambiri. Asidi amasefukira.

Kuchuluka kwa asidi timakuyeza ndi pH. Magazi a munthu amakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45. Nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka, ndipo muyezo umenewu ndi wonyenga kwa amene sauzolowera, chifukwa kutsika ndi 1 yokha kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Kuchoka pa 7.4 kufika pa 6.4 kumaoneka kochepa papepala, koma kwa platelet ndi dziko lina.

Plasma ili ndi mlonda wake, bicarbonate. Asidi akatuluka, bicarbonate amamumeza n'kusanduka madzi ndi carbon dioxide. Ngati mpweyawo ukupeza potulukira, pH imatsika mochedwa kwambiri. Vuto n'lakuti bicarbonate ndi wowerengeka ndipo m'thumba mulibe impso zomubwezeretsa. Ndiye pH ya thumba sitsika mofanana tsiku ndi tsiku. Imakhala ngati yakhazikika, munthu n'kumati zonse zili bwino, koma tsiku lomwe bicarbonate watha imagwa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake thumba lomwe linali labwino pa tsiku lachinayi lingakhale lowonongekeratu pa tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Zomwe asidi amachita kwa platelet zimaoneka ndi maso pa microscope. pH ikatsika pansi pa 6.8, timbale tija timayamba kutupa n'kukhala tozungulira. Pa siteji iyi zinthu zikhoza kubwerera: mukawaika mu plasma yatsopano, ambiri amatenganso maonekedwe awo. Koma pH ikayandikira 6.0, kusinthako kumakhala kwamuyaya. Amasiya kugwiritsa ntchito okosijeni, mphamvu zimatha, khungu lawo limachucha, ndipo akathiridwa mwa munthu sakhalitsa m'magazi. Apa ndi pomwe panachokera malire omwe amalembedwa m'malamulo a nkhokwe za magazi. Ku United States pH siyenera kutsika pansi pa 6.2 pa tsiku lomaliza losungira, pomwe malangizo a ku Ulaya amafuna kuti ikhale pamwamba pa 6.4. Ndipo poyerekeza manambala otere munthu azifunsa kuti anayeza pa kutentha kotani, chifukwa thumba lomwelo limapereka pH yokwererako pa madigiri 22 kusiyana ndi pa 37.

Ine ndimaona kuti malire amenewa nthawi zambiri amamvedwa molakwika, ngati kuti thumba la 6.5 ndi labwino ndipo la 6.1 ndi loipa, basi. Malirewo amangotiuza pomwe imfa yatsimikizika. Satiuza kuti omwe ali pamwamba pa mzere ali ndi thanzi. Ma platelet amatha kukhala ndi pH yabwino koma atakalamba, atakhuthula timatumba tawo, atataya zina mwa zogwirira zawo. Akatswiri amatcha kuwonongeka konseku storage lesion, ndipo amakuyeza m'njira zinanso, monga kuona puloteni wa P-selectin yemwe amatulukira pakhungu platelet akadzuka.

Pulasitiki yomwe inasintha zonse

Popeza nkhani ndi ya okosijeni wolowa ndi carbon dioxide wotuluka, thumba lenilenilo limagwira ntchito ya mapapo. Matumba oyambirira anali a pulasitiki ya PVC yomwe sinkalola mpweya kudutsa mokwanira, ndipo ma platelet ankasungidwamo masiku 3 okha asanasase. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera matumba a pulasitiki zina, monga polyolefin, komanso PVC yofewetsedwa ndi mankhwala ena, zomwe zimalola mpweya kulowa ndi kutuluka mosavuta. Masiku osungira anakwera kufika 5, kenako mu 1984 ku United States analola 7.

Thumba labwino lokha silikwanira. Pamafunika kuti chiwerengero cha ma platelet chigwirizane ndi kukula kwa thumba ndi kuchuluka kwa plasma. Mukathithikiza ambiri m'thumba laling'ono, okosijeni wolowa pa khoma sawakwanira onse. Maselo oyera otsalira nawonso amadya okosijeni ndi glucose yemweyo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe amawasefera, kuwonjezera pa kuchepetsa kutentha thupi kwa wolandira. Ngakhale chikalata chomatidwa pathumba chimatseka mbali ina ya khoma lopumira, ndipo matumba osanjikizana amabanikitsana. Izi zimaoneka zazing'ono, koma ndi pomwe matumba ambiri amafera.

Kugwedeza kuja cholinga chake n'chomwechi. Thumba likangokhala phee, ma platelet amakhazikika pansi n'kuunjikana. Omwe ali pakati pa muluwo amasowa okosijeni ngakhale kuti m'mbali mwa thumba alipo wambiri, ndipo asidi amasonkhana pomwepo. Makina ogwedeza, omwe nthawi zambiri amakhala mashelefu oyenda uku ndi uku pang'onopang'ono, amasakaniza madziwo kuti platelet aliyense azifika pafupi ndi khoma. Pa ulendo wochoka kunkhokwe kupita kuchipatala kugwedeza kumaima, ndipo malamulo ambiri amalola kuima kotere mpaka maola 24. Kupitirira apo lactate, yemwe amachokera ku lactic acid uja, amakwera msanga, makamaka m'matumba odzaza kwambiri.

Mbali inayo ya muyezo nayo ili ndi ngozi yake, ngakhale sikambidwa kawirikawiri. Thumba lopuma kwambiri lokhala ndi ma platelet ochepa limataya carbon dioxide mofulumira kuposa momwe asidi akupangidwira, ndipo pH imakwera kupitirira 7.4, nthawi zina mpaka 7.6. Pamenepa ma platelet amakhala osachedwa kudzuka ndi kuundana, makamaka akamagwedezedwa mwamphamvu. Asidi wochepa amawakhazika mtima pansi. N'chifukwa chake madzi oletsa magazi kuundana omwe amathiridwa potenga magazi, monga ACD ndi CPD, amakhala ndi asidi pang'ono kuwonjezera pa citrate yemwe amagwira calcium wofunika kuti magazi aundane.

Pali njira yakale yosafuna makina yoonera ngati thumba lili moyo. Wogwira ntchito amalinyamula kuloza kuwala n'kulifinya pang'ono. Ma platelet omwe akadali ophwatalala amatembenuka limodzi ndi madzi n'kumanyezimira ngati kamtambo kozungulirazungulira. Omwe asanduka ozungulira chifukwa cha asidi kapena kuzizira sachita zimenezi, thumba limangooneka lambuu. Si muyezo wangwiro, koma umagwirizana bwino ndi pH, ndipo sufuna kuboola thumba.

Pofuna kuthandiza bicarbonate, masiku ano malo ambiri amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a plasma n'kuikamo madzi opangidwa mwapadera omwe ali ndi acetate. Nzeru yake ndi yokoma: platelet akamawotcha acetate ndi okosijeni amagwiritsa ntchito hydrogen wa asidi uja, choncho chakudyacho chimasanduka mlonda wachiwiri, komanso chimachepetsa kuswa glucose. Plasma ina imasiyidwa dala chifukwa glucose amafunikabe. Akatheratu ma platelet amafa ngakhale pH ili bwino.

Nanga bwanji osangowaika m'firiji?

Funso ili aliyense amafunsa, ndipo n'lanzeru. Kuzizira kumachedwetsa kudya ndi kupuma, asidi amachepa, mabakiteriya saswana. Ndipotu mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ma platelet ankasungidwa pa madigiri 4. Mu 1969 Scott Murphy ndi Frank Gardner anaonetsa kuti ma platelet ozizidwa akathiridwa mwa munthu amazimiririka m'magazi pa tsiku limodzi kapena awiri, pomwe osungidwa pa madigiri 22 amakhala pafupifupi sabata. Kwa wodwala khansa ya m'magazi yemwe thupi lake silikupanga ma platelet chifukwa cha mankhwala, ndipo akufunika chitetezo cha masiku angapo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Dziko lonse linasamukira pa madigiri 22.

Chifukwa chake chinadziwika patapita zaka zambiri. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15 kapena cha pomwepo, mkombero wa timachubu tomwe timagwira platelet kuti akhale wophwatalala umaphwasuka. Mu 2003 Karin Hoffmeister ndi anzake anaonetsa kuti kuzizira kumachititsa zogwirira za GPIb zija kuunjikana pamodzi pakhungu, ndipo maselo omeza zinyalala a m'chiwindi amazizindikira n'kumeza platelet yense. Kuzizira kukatenga nthawi yaitali, shuga wa sialic acid yemwe amaphimba zogwirirazo amachoka, ndipo maselo enieni a chiwindi nawo amalowa m'ntchito yochotsayo. Platelet wozizidwa sanafe; wangolembedwa chizindikiro choti achotsedwe. Ichinso ndi chifukwa chake magazi omwe akufuna kupatulamo ma platelet saikidwa m'firiji akangotengedwa.

Mtengo wa chisankho cha 1969 unali mabakiteriya. Thumba lofunda, lodzaza ndi shuga ndi mapuloteni, lolandira okosijeni ndiponso logwedezedwa, ndi malo abwino kwambiri oti tizilombo tiswane. Tochepa tomwe talowa kuchokera pakhungu la wopereka magazi tingafike mamiliyoni pa masiku ochepa. Masiku 7 omwe analoledwa mu 1984 anabwezedwa pa 5 mu 1986 chifukwa cha odwala omwe analowa tizilombo m'magazi atalandira ma platelet okhalitsa. Kuyeza kusanayambe kuchitika paliponse, zinkapezeka kuti pafupifupi thumba limodzi pa 1,000 mpaka 3,000 linali ndi mabakiteriya. Tizilomboti natonso timadya glucose n'kupanga asidi, moti kwa kanthawi malo ena ankayeza pH ndi glucose ngati njira yotigwirira. Njirayo inali yofooka, chifukwa pH imasintha tizilombo titachuluka kale, ndipo inalowedwa m'malo ndi kubzala kadontho ka m'thumba kuti aone ngati chimera kanthu, kapena kupha tizilombo ndi mankhwala ophatikiza ndi kuwala kwa ultraviolet.

Asidi m'thupi la wodwala

Nkhani ya pH sithera m'thumba. Munthu wovulala kwambiri akataya magazi ambiri, minofu yake imasowa okosijeni n'kuyamba kupanga lactic acid monga ma platelet obanika aja. pH ya magazi ake ikatsikira ku 7.2 kapena 7.1, ma enzyme oundanitsa magazi amachita ulesi, thrombin, yemwe ndi wamkulu mwa ma enzyme amenewa, amapangidwa wochepa, fibrinogen amatha msanga, ndipo ma platelet samatirirana bwino. Thupi likazizira zimaipiraipira. Madokotala a ovulala amatchula zitatuzi pamodzi, asidi, kuzizira ndi kulephera kwa magazi kuundana, chifukwa chilichonse chimakoka chinzake. Kuthira ma platelet abwino mwa munthu wotere popanda kutseka potuluka magazi, kumufunditsa ndi kubwezeretsa kayendedwe ka magazi n'kuwatumiza kumalo komwe sangagwire ntchito.

M'mimba ndi momwe mphamvu ya asidi imaonekera poyera. Madzi a m'mimba amakhala ndi pH ya 1 kapena 2. Chilonda cha m'mimba chikayamba kutuluka magazi, ma platelet amafika pamalo pomwe sangaundane, popeza kumatirirana kwawo kumatheratu pH ikatsika pansi pa 6, ndipo pepsin, enzyme yogaya mapuloteni m'mimba, amasungunula ngakhale kabuluma komwe kapangika. N'chifukwa chake wodwala wotere amapatsidwa mankhwala amphamvu ochepetsa asidi, monga omeprazole kapena pantoprazole, n'cholinga chokweza pH ya m'mimba kupitirira 6 kuti chotsekeracho chikhazikike.

Mu labotale nkhani imatembenuka. Poyeza ngati ma platelet a munthu akugwira ntchito, njira yodziwika ndi yomwe Gustav Born anayambitsa mu 1962: amaunika kuwala kudutsa mu plasma ya ma platelet, n'kuthiramo ADP kapena collagen, ndipo akamaundana kuwala kumadutsa kochuluka. Kachubu kakasiyidwa kotsegula, carbon dioxide amathawa, pH imakwera, ndipo zotsatira zimasintha popanda wodwala kusintha. Kakaikidwa pa ayezi, ma platelet amadzuka okha. Ndiye lamulo ndi kutseka kachubu, kukasunga pa kutentha kwa m'chipinda, ndi kumaliza kuyeza pasanathe maola 4. Zotsatira zachilendo zambiri zimachokera pa benchi, osati m'magazi.

Firiji ikubwerera

Chodabwitsa n'chakuti firiji yomwe inathamangitsidwa mu 1969 yayambanso kulowa. Kafukufuku wa nthawi imeneyo yomweyo anali ataonetsa kale kuti ma platelet ozizidwa, ngakhale sakhalitsa, amaletsa magazi kutuluka msanga kuposa ofunda aja, chifukwa amafika atadzuka pang'ono. Amaundananso mwamphamvu poyesedwa mu labotale ngakhale atasungidwa masiku ambiri, ndipo pH yawo imakhazikika popeza lactate amapangidwa wochepa. Kwa munthu yemwe akukha magazi pa tebulo la opaleshoni kapena pamalo a ngozi, zoti platelet adzakhalapo Lachisanu zilibe ntchito. Chofunika ndi ola lino. Asilikali ndiwo anayamba kukankha nkhaniyi, chifukwa kumalo ankhondo makina ogwedeza ndi malire a masiku 5 osungira n'zovuta. Mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi magazi ku United States, linatulutsa malangizo olola ma platelet osungidwa pa madigiri 1 mpaka 6 kufika masiku 14, koma okhawo othandizira anthu omwe akutuluka magazi pamene ma platelet a nthawi zonse palibe kapena sangafike. Otere safuna kugwedezedwa.

Palinso njira yowaumitsa pa madigiri 80 pansi pa ziro mu mankhwala a DMSO, yomwe imawasunga mpaka zaka ziwiri. Asilikali a ku Netherlands anaigwiritsa ntchito ku Afghanistan. Akasungunulidwa ambiri amakhala osweka, koma tizidutswa tawo timathandizabe thrombin kupangidwa.

Maganizo anga ndi akuti cholakwika cha zaka makumi asanu zapitazi sichinali kusankha madigiri 22, koma kuganiza kuti platelet wabwino ndi wa mtundu umodzi. Muyezo womwe unapambana unali wa masiku omwe amakhala m'magazi a wolandira, ndipo unali woyenera kwa wodwala khansa. Kwa wovulala muyezo woyenera ndi wa magazi omwe asiya kutuluka, ndipo umenewu ndi wovuta kuuyeza chifukwa umafuna kafukufuku wa odwala ambiri omwe ali pangozi yeniyeni. Nkhokwe yomwe ingasunge mitundu iwiri iyenera kusankha pa tsiku lopatula kuti thumba ili lipita m'firiji kapena pa shelefu, ndipo lomwe lazizidwa silingabwererenso pa shelefu kukadikira wodwala khansa.